Ndani Anavala Nkhope ya Kaspar?

Amene anandilakwira ndi apongozi anga, mayi Zenzi Lainer. Dzina ndalemba lonse kuti pasapezeke wonena kuti ndimalankhulira kumbali. Anakwera kuchipinda cha kudenga kwa nyumba yanga ndi bondo lawo lotupalo, nakatsitsa chigoba chakunkhope cha malemu mwamuna wanga Kaspar pamodzi ndi mabelu ake. Chigoba cha munthu wakufa, mwana wobereka okha. Anatero kuti ine ndisakwatiwe ndi Leonhard, ndipo mmene ndikulemba pano zikuoneka ngati zawayendera.

Lamulo la m'chigwa chino mumalidziwa. Mwamuna akamwalira, chigoba chake timachitembenuzira kukhoma, mabelu ake timawatseka ndi nsanza kuti asalirenso. Mabelu a Kaspar ndinawatseka ndekha ndi masokosi ake aubweya, tsiku lomwe tinachokera kumanda. Mtengo unamugwera kunkhalango yakumtunda, ndipo kuyambira pamenepo Adiventi iliyonse, nyengo yodikira Khirisimasi, ndinkangokhoma zitseko zikamakwera zilombo, amuna a m'mudzi ovala zigoba ndi zikopa.

Lamulo linalo mumalidziwanso. Madzulo a chikondwerero cha Nikolasi Woyera, kuchiyambi kwa Disembala, zilombo zikaima pabwalo, mkazi wa pakhomopo amatuluka ndi kachasu wa zipatso. Chikho choyamba ndi cha mwamuna wake. Akakhala mbeta kapena wamasiye, chilombo chimene wachipatsa chikho choyambacho ndiye kuti wachilola pamaso pa mudzi wonse. Chimapita nacho chikhocho, ndipo Khirisimasi isanakwane wovala chigobayo amadzachibweza nkhope ili poyera, kudzapempha ukwati.

Chaka chino ndinati nditsegule chitseko. Imvani zimene anandichita.

* * *

Leonhard ndi uja amadula ziboda za ng'ombe, wochokera kuseri kwa phiri. Wakhala kuno mpaka imvi zamera, koma kwa apongozi anga akadali mlendo. Anandipeza panja pa tchalitchi Lamlungu loyamba la Adiventi, chipewa chili m'manja, makutu atafiira ndi chisanu.

"A Loni, chitseko cha khola chija chikulirabe?"

"Chinasiya kalekale. Mwachikonza katatu chilimwe chomwechi. Chatsala n'kuchigulira nsapato basi."

Anaseka akuyang'ana pansi. Ndi munthu woti mawu amatuluka ngati akuchita kuwakoka ndi chingwe m'chitsime.

"Ndiye ndasowa chobwerera kwanu."

"Bambo wamkulu ngati inu kusowa chifukwa? Nenani chimene mwadzera, ine mapazi auma."

"Chaka chino ndivala nawo chigoba. Gulu lakumtunda landilola."

"Pa msinkhu wanuwo? Chikopa cha mbuzi, mabelu kumsana? Adzakutsitsani pa wilibala."

"Gululo limathera pakhomo panu."

Nyumba yanga ndi yomaliza. Kumtunda kwake kulibenso munthu, ndi nkhalango yokhayokha.

"Ndikudziwa kumene limathera," ndinatero.

"Chikho chija muli nachobe?"

Ndisanayankhe anatulukira Hedwig, mwini wa malo omwera a pakati pa mudzi, kumene zilombo zimasonkhana zisananyamuke ndi kukavulira zikatha. Ndi mkazi wamtali kuposa amuna ambiri, migolo ya mowa amanyamula yekha. Wakhala akumudyetsa Leonhard msuzi ndi maso omwe chichokereni mwamuna wake, amene anathawa ndi kamtsikana ka m'tauni.

"Ndimati mukupempherera mizimu, kani mukukambirana za zikho," anatero. "Leonhard, msuzi wako ukuzizira. Amadya kwanga Lamlungu lililonse, Loni. Sanakuuze?"

"Kwako kumadya aliyense, Hedwig. Ngakhale oyendetsa malole."

Anamwetulira ndi mano okha. "Kandulo ya pamanda a Kaspar yazima. Ndangoona podutsa. Kapena wayamba kuiwala njira?"

Leonhard anavala chipewa, anachivulanso. Ine ndinayang'ana iye, koma mawu ndinakweza kuti mkaziyo amve bwino.

"Chikho ndili nacho."

* * *

Apongozi anga amagona chipinda chapansi m'nyumba momwemu. Anandipeza kukhitchini ndikukwecha chikhocho ndi phulusa. Ndi kachikho kachitsulo, kopindika pang'ono pamlomo.

"Chikho cha Kaspar ukuchikwecheranji?"

"Ndi changa, Amayi. Ndinabwera nacho kuchokera kwathu."

"Mwana wanga wamwerapo kuyambira chaka cha ukwati wanu. Lero ukufuna paikidwe mlomo wa wodula ziboda?"

"Ziboda za ng'ombe zanu zomwe amadula ndi yemweyo, simunadandaulepo."

"Ng'ombe ndi ng'ombe."

"Amayi, Kaspar ndamulira. Zakuda ndavala mpaka zatuwa. Ndikagona ndimangomva wotchi ndi chifuwa chanu. Sindinafe naye ine."

Anakakhala pampando wa Kaspar, kumutu kwa tebulo, pansi pa mtanda, manja onse ali pa ndodo. Kandulo imodzi ya pa nkhata ya Adiventi, ya masamba ndi makandulo anayi, inkawaunikira tsaya limodzi lokha.

"Nyengo ino akufa sakhala kutali," anatero. "Usiku ukatalika amayendera makomo awo, kuona ngati zinthu zili mmene anazisiyira."

"Akabwera mumuuze kuti denga la khola likudontha."

"Seka. Koma pampando pano sipadzakhala mlendo ine ndikupuma."

Mawa lake ndinatsika kukagula ufa. Pobwera ndinawapeza ali wefuwefu, ulusi wa kangaude uli paphewa. Anati amasesa. Ndinawakhulupirira, poti ndani angaganize kuti mayi angakasokoneze tulo ta mwana wake?

* * *

Madzulo ake foni inalira. Leonhard amalemba ndi chala chimodzi, uthenga uliwonse umachita kuudikira ngati basi.

"Lamulo silindilola kukuuzani chigoba changa."

"Ndiye ndingopatsa aliyense? Ndikapatsa mdala Alois wopanda mano uja musadzandilirire."

Panapita nthawi.

"Belu langa limodzi ndi long'aluka. Limalira ngati mbuzi ya chimfine. Ine sindinanene kanthu."

"Inenso sindinamve kanthu."

"Nanga mayi Zenzi?"

"Chikho ndi changa, dzanja ndi langa."

"Hedwig akuti mukungondiseweretsa. Akuti mkazi wa Kaspar sangapatse wina."

"Lekani kudya msuzi wake, wayamba kukulowani m'mutu."

Ndinaganiza kuti wakwiya, chifukwa foni inakhala zii. Kenako inawala.

"Ugone bwino, Loni."

Kanali koyamba kundilankhula ngati wake. Ndinawerenga mawu atatuwo mpaka foni inazima yokha. Munthu wamkulu ine, wa mwana wokwatiwa kale, kumamwetulira ndekha ngati mtsikana wa kwaya.

* * *

Tsiku la Nikolasi chipale chofewa chinagwa m'mawa wonse, masana chinaleka, kenako kunatsika nkhungu. Mdima unayamba tisanakame ng'ombe. Anthu anakwera kudzadikira pabwalo panga monga ankachitira kale, ana atabisala m'masiketi a amayi awo. Galu wanga, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, analowa pansi pa benchi osatulukanso.

Mabelu tinayamba kuwamva kumunsi, patali, ngati phiri likutsokomola. Kenako miuni. Patsogolo panali wovala ngati Nikolasi Woyera, ndi ndodo yake yopindika. Pambali pake panali alamu anga a Rupert, mng'ono wake wa Kaspar, atabereka dengu la maapulo ndi mtedza, nkhope ili poyera monga amayendera wonyamula dengu. Musaiwale zimenezo, nkhope ili poyera. M'mbuyo mwawo ndimo munali zilombo.

Ndakulira kuno koma sindinazizolowere. Nyanga za nkhosa zopotana, malilime amtengo ofiira, ubweya wonunkha mbuzi ndi utsi, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwa zigoba ngati m'katimo muli moto. Zinazungulira bwalo zikubangula, zikukwapula miyendo ya anyamata ndi mitolo ya tindodo. Nikolasi anadalitsa nyumba, anagawira ana, kenako anamenya ndodo pansi. Zilombo zinaima mzere patsogolo pa chitseko changa.

Ndinatuluka chikho chili m'manja, chodzaza. Ndinatchera khutu. Chakumanzere, chilombo chachifupi chonenepa chinagwedeza chiuno, ndipo pakati pa phokoso lonselo ndinaimva mbuzi ya chimfine ija. Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinatsika sitepe yoyamba kulunjika komweko.

Pamenepo kumtunda kunalira mabelu ena.

Kumtunda kulibe nyumba. Kuli njira ya kunkhalango, yomwe anatsitsira mtembo wa Kaspar. Mabelu amenewo ndingawadziwe ngakhale ndili m'bokosi. Anali a agogo ake, amalira mozama ngati ali pansi pa madzi, ndipo lomaliza limachedwa, limabwera anzake atatha kale. Zilombo zonse zinaleka kugwedezeka. Mwana wina anayamba kulira, amake anamutseka pakamwa.

Chinatuluka m'nkhungu chopanda muuni. Sichinabangule. Chinkayenda mmene ankayendera Kaspar akavala, kuponda kawiri, kukoka mwendo, kuponda kawiri. Nkhope inali yomwe anasema yekha ija, pakamwa popotokera kumodzi, nyanga yakumanja yoduka nsonga pamene anaigunditsa pachitseko chathu chaka cha ukwati. Anthu anapatuka. Chinadutsa pakati pa mzere n'kuima pamaso panga, pafupi moti ndinamva fungo la kudenga kwathu, fumbi ndi utomoni. M'mabowo a maso munali mdima wokhawokha.

Chinatambasula dzanja. Golovesi yake inali ndi zala ziwiri zopindidwa n'kusokedwa ndi ulusi wofiira. Zala ziwiri zimenezo Kaspar anazisiya ku macheka.

Musandifunse kuti ndinaganiza chiyani. Sindinaganize. Adiventi iliyonse ya ukwati wanga, nkhope imeneyo ikaima pamenepo, dzanja limenelo likatambasuka, chikho chinkapita. Dzanja langa linapita lokha.

Chinathira kachasuyo m'kamwa mwa chigoba, wina akutsikira m'ndevu. Chikho chinachilowetsa muubweya pachifuwa. Chinatembenuka, kuponda kawiri, kukoka mwendo, mpaka nkhungu inachimeza, belu lochedwa lija likutsatira m'mbuyo.

Kenako ndinamva belu long'aluka likulira kamodzi, n'kuyamba kutsika phiri lokha.

Zenera linatseguka kumbuyo kwanga.

"Mwaona nonse," anatero apongozi anga. "Wasankha yekha."

* * *

Ndinakwera kudenga anthu asanamwazike. Pakhoma panali msomali wokha. Masokosi a Kaspar anali pansi, ndipo m'fumbi munali timaenje ta nsonga ya ndodo. Ndinatsika nawo masokosiwo n'kuwaponya patebulo.

"Mwachita chiyani, Amayi?"

"Choyenera. Ndinatsitsa ndine. Ndinapatsa Rupert kuti avale, uone nkhope ya mwamuna wako, manyazi akugwire. Zoti mpaka chikho upereka sindinayembekezere. Mtima wako uli ndi nzeru kuposa mutu wako."

"A Rupert anali pabwalo ndi dengu, nkhope poyera. Kapena maso aja atheratu?"

Anandiyang'ana osaphethira. Maso awo anafooka, pazenera paja saona kupitirira benchi. Nthawi yomweyo analowa a Rupert kudzatula dengu, nkhope itayera ngati mkaka.

"Amayi, ndinakuuzani kuti cha achimwene sindingavale," anatero. "Ndinakachisiya m'kanyumba ka nkhuni kuseri kwa Hedwig. Ndimati ndichibweze mawa alamu asanadziwe."

"Ndiye wavala ndani, alamu?" ndinafunsa.

"Za pansi pa chigoba sitifunsa. Mukudziwa."

"Ndikufunsa ine."

"Ngakhale nditafuna, sindikudziwa. Gulu lathu linali lokwanira. Chija sichinanyamuke nafe."

Apongozi anga analankhula mawu atachepa. "Magolovesi sindinapereke ine. Kudenga kunalibe."

"Kunalibe chifukwa ndinamuika nawo m'bokosi," ndinatero. "Ankadana ndi kuzizidwa m'manja."

A Rupert anachita chizindikiro cha mtanda. Ndinaona mantha pankhope ya mayi aja, ndipo ndili chiyang'anire mantha aja anasanduka chinthu china, chonga chimwemwe.

"Ndiye wabwera yekha," ananong'ona.

"Singano ili m'nyumba iliyonse, ulusi wofiira amagulitsa kusitolo, ndipo dzanja la Kaspar unalidziwa mudzi wonse."

Ndinanena zimenezo mokweza. Koma chitseko cha kudenga ndinakachikhoma, kiyi ndinagona naye.

* * *

Mauthenga anga Leonhard sanayankhe. Ndinalemba kuti sindinafune. Ndinalemba kuti ayankhe. Pomaliza ndinalemba kuti ndi wamantha. M'mawa ndinatsika kwawo, ndinamupeza akuwaza nkhuni zoti zikanakwanira mudzi wonse.

"Mwadzuka bwanji, a Loni."

"Dzana lomweli ndinali Loni. Lero ndakalamba?"

Anaika nkhwangwa pansi. "Ndinaima pamaso panu. Belu ndinaligwedeza mpaka msana kuwawa. Munandiona."

"Ndinakuona. Ndinkabwera kwa iwe."

"Koma chikho chinapita kwina."

"Dzanja linapita lokha, Leonhard."

"N'chimene sichinandigonetse. Mukanasankha mwamuna wina, ndikanapita kukalankhula naye. Koma dzanja lopita lokha ndilitani? Lidzapitanso lokha chaka chamawa, ine nditakhala patebulo panu."

Ndinafuna kumugenda ndi chikuni.

"Chilombo chija kovulira kuja chinabwera?" ndinafunsa.

"Ayi. Tonse tinavula, tinaonana nkhope. Chija sichinafike."

"Hedwig analipo?"

"Anatithirira mowa ndi wantchito wake. Iye anabwera pambuyo. Anati anali pansi, kosungira migolo."

"Tsitsi lake linali bwanji?"

"Lonyowa. Koma a Loni, mkazi savala chigoba. Sizinachitikepo."

"Wakufa kumwa kachasu ndiye zinachitikapo?"

Tili pomwepo Hedwig analowa pageti atanyamula mphika wokulunga m'nsalu. Mpango anali ataumanga mpaka m'nsidze, ndipo ankayenda mouma ngati munthu amene wasenza katundu tsiku lonse. Aliyense amene anakwatiwapo ndi wovala amadziwa kuti chigoba chimasiya mkwingwirima pamphumi, mabelu amasiya msana wosapindika.

"Pepa Loni, ndamva," anatero. "Koma n'zokongola, eti? Chikondi chofika mpaka kumanda. Ine wanga ali moyo koma sabwera."

"Vula mpangowo."

"Chifukwa?"

"Ndione pamphumi pako."

"Kukuzizira, mayi. Leonhard, mnzakoyu sanagone bwino."

Ndinatambasula dzanja kuti ndiuzule ndekha. Leonhard anandigwira pamkono. Kanali koyamba kundigwira, ndipo anandigwira poteteza mkazi wina.

"Basi," anatero. "Chikho chimabwerera. Ngati ndi wamoyo, abwera nacho Khirisimasi isanakwane, timuone nkhope. Ndidikira mpaka pamenepo."

Hedwig anavundukula mphika. "Idya usanazizire," anamuuza.

* * *

Ndinawakoka a Rupert kupita nawo kukanyumba ka nkhuni kaja.

"Ndinachiika apa, alamu. Ndinachifunditsa thumba."

Thumba linalipo, litapindidwa bwinobwino n'kuikidwa pamwamba pa nkhuni. Chigoba panalibe, mabelu panalibe.

"Mzimu umapinda thumba?" ndinafunsa.

"Achimwene ankapinda. Ngakhale nsanza yopukutira nsapato ankapinda."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinawakwiyira chifukwa chondikumbutsa.

"Kiyi wa kanyumba kano amasunga ndani?"

"Sikakhomedwa. Kamalowa aliyense."

"Ndinu mwamuna kapena ndinu dengu lomwelo? Funsani anzanu."

"Ndikafunsa andichotsa m'gulu."

"Ine akundichotsa pa ukwati."

Anangokanda m'mutu, akuyang'ana thumba lija osalikhudza.

* * *

Chikho chinabwerera Lamlungu lotsatira. Titatuluka mu Misa tinalowa kumanda kukayatsa makandulo. Usiku kunali kutagwa chipale chatsopano, manda onse ali mbee, palibe phazi limene linali litapondapo. Pamanda a Kaspar, patsinde pa mtanda, panali kachikho kanga, kataima bwinobwino, kodzaza kachasu mpaka pamlomo. Pamwamba pake panalibe chipale ngakhale pang'ono.

Azimayi anabwerera m'mbuyo. Ine ndinayang'ana mpanda wamiyala. Manda a Kaspar ali m'mphepete, ndipo munthu wamtali, wa mikono italiitali, akhoza kuweramira pampandapo ali kunja pamsewu. Ndinatembenuka kufuna Hedwig. Anali pambali pa Leonhard, mpango uli pomwe paja.

"Wabweza," anatero apongozi anga, mokweza kuti manda onse amve. "Wabweza monga mwa mwambo, ndipo unamulola pamaso pa anthu. Ndiwe mkazi wa Kaspar mpaka adzakugoneke pambali pake."

Ndinaponda chipalecho, ndinatola chikho. Ndinadutsa pakati pa anthu mpaka pamaso pa Leonhard.

"Pano palibe chigoba, palibe nkhungu. Dzanja ili ndalituma ndine. Imwa."

Anavula chipewa. Dzanja lake linanyamuka, linafika pakati, linaima. Anayang'ana mtanda wa Kaspar, anayang'ana ine.

"Loni, chikho chochokera pamanda sindingamwere. Chigoba ndi mabelu zikabwerera pamsomali wake, ndikadziwa amene anavala, ndidzamwa ngakhale utathiramo madzi otsukira mbale. Zikapanda kutero, Khirisimasi ndikadyera kwathu kuseri kwa phiri, ndipo sindibweranso. Sindingakhale m'mudzi umene ndikupikisana ndi mtanda."

"Kapena udzakhale kwanga mpaka mtima ukhale pansi," anatero Hedwig mofatsa. "Chipinda chapamwamba chilibe munthu."

Leonhard sanavomere. Koma sanakanenso.

Kachasuyo ndinamuthira pa nsapato za Hedwig.

* * *

Chigoba sichinapezeke mpaka lero. Madzulo aliwonse, ndikamatseka khola, kumtunda kumalira mabelu, pang'ono chabe, lomaliza likuchedwa. Apongozi anga amatsegula zenera n'kumamvetsera, ndipo ayamba kuika mbale yachitatu patebulo, kumutu, pansi pa mtanda. Ine ndimaichotsa, iwo amaibwezera. Pa nkhata ya Adiventi makandulo awiri ayaka kale, atsala awiri, ndipo akatha amenewo Leonhard akwera basi.

Inu munali pabwalo panga. Ena munali pansi pa zigoba, ena munagwira miuni, ena munkasuzumira kuseri kwa mpanda. Ndipo wina mwa inu akudziwa, chifukwa mabelu a Kaspar munthu sadzimangira yekha. Lamba wake amamangidwa kumsana, pamafunika manja a munthu wachiwiri. Zaka zonse zija ndinkamumangira ndine asanatsike. Madzulo ajawa sindinamange ine. Anamanga ndani?

Musandiuze za lamulo loti za pansi pa chigoba sitifunsa. Lamulo linathyoka tsiku limene mayi Zenzi Lainer anazula masokosi m'mabelu a mwana wawo. Ngati ndi wamoyo, nditchulireni dzina, zina zonse ndithana nazo ndekha. Ngati mukuti ndi Kaspar, bwerani mudzandiuze m'maso muli gwa, kenako mukwere nane kunkhalango mabelu akayamba, tikamufunse chimene akufuna kwa mkazi amene anamulira mpaka zovala kutuwa.

Ndani anavala nkhope ya mwamuna wanga? Ndiyankheni.